Mlenje wa Miyendo Yaifupi m'Chigwa cha Shire

Kuno kuchigwa cha Shire galu amayesedwa ndi ntchito yake. Munthu akamatama galu wake pabwalo sanena za ubweya kapena kukongola kwa nkhope, koma amanena kuti galuyo amathamangitsa kalulu mpaka kumugwira, amaletsa mbuzi kulowa m'munda wa mapira, kapena kuti usiku salola mlendo kuyandikira khola la ng'ombe. N'chifukwa chake anthu ambiri a m'dera lathu, kufupi ndi Nchalo, ataona koyamba agalu anga awiri a mtundu wa dachshund anangoti ndi zidole za azungu, ndipo ena anandifunsa mwachifundo ngati miyendo yawo inapinimbira chifukwa cha matenda kapena njala ali aang'ono. Funsoli silinandikhumudwitse, pakuti munthu amene anazolowera galu wa miyendo yaitali sangaganize kuti thupi lalitali chotere, lokhala pafupi ndi nthaka, linapangidwa dala. Komabe ndikufuna kunena mosabisa kuti kagalu aka ndi mlenje weniweni, ndipo aliyense amene amakasunga osadziwa zimenezi amakazunza ngakhale atamakagoneka pa matiresi.

Agaluwa ndinawalandira kuchokera ku banja lina lomwe linkagwira ntchito kuminda ya nzimbe ndipo linkabwerera kwawo ku South Africa, kumene mtunduwu ndi wofala kwambiri. Wamkazi ndi wofiirira thupi lonse ndipo ana anga anamutcha Tsabola, pamene wamwamuna, Mwera, ndi wakuda wa mawanga ofiirira pamwamba pa maso, pachifuwa ndi m'miyendo. Onse awiri ndi a ubweya waufupi wosalala, zomwe ndi mwayi kwa galu wokhala kotentha kuno, chifukwa mtunduwu ulinso ndi ena a ubweya wautali ndi ena a ubweya wokhakhala okhala ndi ndevu.

Agalu osaka padziko lapansi amagawidwa m'magulu awiri potengera chimene amadalira pofuna nyama. Gulu loyamba limasaka ndi maso. Galu wotere amaona nyama ikuthamanga patali n'kuiyamba liwiro, ndipo thupi lake limakhala lowonda, la miyendo yaitali ndi chiuno chaching'ono. Wodziwika kwambiri ndi greyhound, amene amatha kufika pa liwiro la makilomita pafupifupi 70 pa ola, koma m'gulu lomweli muli saluki wa ku Middle East ndi azawakh amene Atuareg amaweta ku Mali, Niger ndi Burkina Faso. Gulu lachiwiri limasaka ndi mphuno. Agalu awa, monga bloodhound, beagle ndi basset hound, sathamanga kwambiri, koma akagwira fungo amalitsata kwa maola ambiri osatopa, makutu awo ogwa akusesa pansi ndipo iwo akuuwa kuti mlenje adziwe kumene alowera. Africa alinso ndi agalu ake osaka amene anatchuka kunja. Basenji wa m'nkhalango za ku Congo sauwa ngati agalu ena, choncho alenje a kumeneko amamumangirira kabelu ka mtengo m'khosi kuti azimumva. Rhodesian ridgeback, amene timamuona m'mipanda ina ya ku Blantyre, ndondomeko ya maonekedwe ake inalembedwa ku Bulawayo mu 1922, ndipo mzere wa ubweya woyang'ana kutsogolo umene uli pamsana pake anautengera kwa agalu a anthu a mtundu wa Khoikhoi. Ntchito yake inali yotsekereza mkango kuti usathawe mpaka mwini mfuti afike.

Dachshund ndi wa gulu la mphuno, koma ntchito imene anamuwetera ndi yapadera kotero kuti bungwe la padziko lonse loona za mitundu ya agalu, la FCI, linamupatsa gulu lakelake, pamene ku America amamuwerengera pamodzi ndi agalu ena osaka. Alenje a m'nkhalango za ku Germany ankafuna galu woti azilowa m'mauna kukalimbana ndi nyama yotchedwa badger, yofananirako ndi chiuli chathu, yolemera makilogalamu oposa 10 ikanenepa, ya zikhadabo zazitali ndiponso yaukali ikapanikizidwa. Kwa mibadwo yambiri iwo ankasankha agalu a miyendo yaifupi n'kumawabereketsa okhaokha, ndipo mu 1888 anakhazikitsa bungwe la Deutscher Teckelklub lomwe mpaka lero limayang'anira mtunduwu. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti kumeneko kukula kwa dachshund sakuyesa ndi sikelo. Amatenga tepi n'kuyesa kuzungulira kwa chifuwa, chifukwa chifuwa ndicho chimalamula kuti galu alowe mu una wotani. Wamng'ono kwambiri, wa chifuwa cha masentimita pafupifupi 30, anamuwetera kulowa m'mauna a akalulu a ku Ulaya, amene amakhala pansi pa nthaka. Pambuyo pake galuyu analowa m'nyumba za mafumu, moti Mfumukazi Victoria ya ku Britain inkaweta agalu a mtunduwu, ndipo mu 1972 dachshund wotchedwa Waldi ndiye anali chizindikiro cha masewera a Olimpiki a ku Munich. Kutchuka kumeneku kunachititsa anthu ambiri kuiwala ntchito yake, ngakhale kuti alenje a ku Germany amamugwiritsabe ntchito potsata magazi a nyama yolasidwa.

Munthu amene anandithandiza kuona bwino ulenje wa agaluwa ndi amalume anga a ku Ngabu, amene pa unyamata wawo ankatsogolera uzimba ndipo mpaka pano sayenda opanda galu. Anabwera kudzacheza m'nyengo ya lupsa, ali ndi galu wawo wakumudzi dzina lake Pilira, ndipo m'mawa wina tinayenda nawo m'mphepete mwa ngalande yochokera kuminda ya nzimbe. Pilira ankayenda mutu uli m'mwamba, akuyang'ana uku ndi uku, makutu ali tcheru kudikira kanthu koti kavumbuluke m'tchire. Tsabola anayenda mosiyana kwambiri. Mphuno yake inali pansi kuyambira pamene tinatuluka pachipata, ndipo atafika pa udzu wina wodulidwadulidwa anaima, nanunkhiza mofulumira mpaka fumbi kumauluka patsogolo pa mphuno, kenaka mchira unaima n'kuyamba kugwedezeka pang'onopang'ono. Anatsata njira imene ife sitinkaiona, akukhota pamene fungo lakhota, akalitaya n'kuzungulira mpaka kulipezanso, kufikira anatifikitsa pa una umene unali patsinde pa chulu. Pamenepo anayamba kukumba. Mapazi akutsogolo a dachshund ndi aakulu kuposa akumbuyo ndipo amayang'ana kunja pang'ono, choncho dothi limatayidwira m'mbali m'malo moti limutsekere njira, ndipo akakumana ndi muzu amaudula ndi mano. Posakhalitsa mutu ndi mapewa zinalowa, kunja kunangotsala miyendo yakumbuyo ndi mchira, ndipo anayamba kuuwa ali m'katimo ndi mawu aakulu amene munthu sangayembekeze kuti angatuluke m'thupi laling'ono chotero.

Amalume anagwada n'kutola kaphesi ka udzu kodulidwa mopendama, nandionetsa kuti pamenepo panadya ntchenzi usiku. Kenaka anati, "Mphwanga, galu uyu usamuone kuchepa. Pilira amadikira nyama kuti ithawe, koma uyu akuitsata mpaka m'nyumba mwake. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe." Ndinawayankha kuti, "Amalume, ndiye mukuti nayenso angapite ku uzimba?" Iwo anapukusa mutu n'kunena kuti galu wotere sangathe mtunda wa uzimba m'dzuwa la kuno, ndiponso kuti mu una umene iye akulowetsa mutu mosaopamo nthawi zina mumagona mphiri. Tinamukoka Tsabola pomugwira pachifuwa ndi m'chiuno, iye akukana ndi mphamvu zake zonse.

Kuchokera pa zimene ndinaona tsiku limenelo, makhalidwe ambiri amene anthu amadandaula nawo pa galuyu amamveka. Amati dachshund ndi waliuma, ndipo n'zoona kuti ukamuitana iye atagwira fungo sacheuka. Koma galu amene ankalimbana ndi nyama yaukali mumdima pansi pa nthaka, kumene mwini wake sangamuone kapena kumuthandiza, ankayenera kudzisankhira yekha chochita, ndipo amene ankadikira kuuzidwa sankatulukamo wamoyo. Amati amauwa kwambiri, koma kuuwa kumeneko ndiko kunkathandiza mlenje amene ali pamwamba kudziwa pamene akumbe. Amati amawononga dimba, ndipo nanenso ndaona mabedi a mpiru atasanduka maenje. Kumenya galu chifukwa cha zimenezi n'kulakwa, ndipo sikuthandiza, chifukwa chibadwa sichichoka ndi chikoti. Chimene chimathandiza ndi kumupatsa ntchito. Kuseri kwa nyumba ndinathira mulu wa mchenga pamthunzi pamene ndimakwirira bonya pang'ono kuti azikumba pamenepo, ndipo madzulo ana amakoka mutu wa mlamba wouma pa chingwe kuzungulira bwalo, kudutsa kuseri kwa nkhokwe, n'kukaubisa pansi pa dengu. Agaluwo akamasulidwa amatsata mzerewo mpaka kuupeza, ndipo usiku umenewo amagona osavutitsa munthu. Mpanda nawo umafunika nzeru zina, chifukwa bango loimikidwa pamwamba pa nthaka silimuletsa kanthu galu wokumba. Ine ndinayala njerwa m'munsi mwa mpanda wonse, pozindikira kuti nkhuku ndi nkhanga za anansi zikangogwidwa, nkhani imakathera kwa anyakwawa ndipo ubale umawonongeka.

Mdani wamkulu wa galuyu kuno ndi dzuwa. Aliyense wokhala ku Chikwawa kapena ku Nsanje amadziwa mmene kumakhalira mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo mchenga wa m'njira umawotcha ngakhale phazi la munthu wozolowera kuyenda wopanda nsapato. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga munthu, amadziziziritsa popuma wefuwefu, ndipo mpweya umene akukoka ukakhala wotentha njirayi imachepa mphamvu. Dachshund amavutika kawiri, chifukwa mimba ndi chifuwa chake zili pafupi kwambiri ndi nthaka, moti amayenda ngati mphika umene uli pamafuwa, moto ukuchokera pansi. Pa chifukwa chimenechi agalu anga amayenda dzuwa lisanatuluke ndiponso litalowa, ndipo ndisanawatulutse ndimaika kuseri kwa dzanja langa pansi, ndikalephera kupirira ndiye kuti nawonso mapazi awo apsa. Masana amagona pasimenti m'nyumba, pafupi ndi mtsuko wa madzi, ndipo kukatentha kwambiri ndimawayalira chiguduli chonyowa. Galu amene watenthedwa mopitirira amapuma mosalekeza, lilime limatuluka lonse n'kufiira kwambiri, dovu limachuluka ndipo amayamba kudzandira. Wotereyu ayenera kuthiridwa madzi ozizira pamimba ndi m'khwapa nthawi yomweyo, kuikidwa pamene pakupita mphepo, kenaka n'kuthamangira naye kwa dokotala wa ziweto, chifukwa kuchedwa pang'ono kumapha.

Kuyandikira nthaka kumabweretsanso mphutsi. Pali ntchentche ina imene imaikira mazira pa mchenga wa pamthunzi pamene pali fungo la mkodzo, ndipo galu akagona pamenepo timphutsi timaboola khungu n'kumakulira m'katimo. Pamimba ya Mwera ndapezapo zotupa zotere, chilichonse chili ndi kabowo pakati, ndipo ukayang'anitsitsa umaona kanthu koyera kakusuntha. Ukapaka mafuta a Vaseline pa kabowopo mphutsiyo imasowa mpweya n'kutulutsa mutu, ndipo ukafinya mosamala m'mbali imatuluka yonse. Chofunika ndi kusaiphwanyira m'kati, kutsuka balalo, ndi kusesa komanso kuumitsa malo amene galu amagona. Nkhupakupa nazo n'zambiri m'dera la ng'ombe ngati lathu, ndipo zimakonda kubisala m'makutu ogwawo ndi pakati pa zala. Zina zimafalitsa matenda owononga magazi, amene amadziwika galu akafooka, akakana chakudya, nkhama zake zikayera ndipo mkodzo ukada. Ndimachenjeza anzanga kuti mankhwala a dipi ya ng'ombe asamathire pa kagalu kolemera makilogalamu ochepa popanda uphungu wa alangizi a ziweto, chifukwa mlingo wokwanira ng'ombe ndi chiphe kwa galu wamng'ono. Kumtsinje wa Shire sindipita nawo n'komwe, pakuti ng'ona imagwira galu mosavuta kuposa mbuzi.

Nkhani imene ndikufuna kuikhalira pansi ndi ya msana, chifukwa ndiyo ngongole imene galuyu amalipira pa thupi limene anthu anamusankhira. Chibadwa chofupikitsa miyendo chimayendera limodzi ndi vuto la tizidutswa tofewa ta chicherewecherewe timene timakhala pakati pa mafupa a msana. Mwa agalu ambiri tizidutswa timeneti timakhala tofewa mpaka ukalamba, koma mwa dachshund timayamba kuuma iye akadali wamng'ono, ndipo tsiku lina kamodzi kamatha kuphulika n'kukanikiza mtsempha waukulu umene umadutsa m'kati mwa msana. Madokotala a ziweto amanena kuti pafupifupi dachshund mmodzi mwa anayi kapena asanu alionse amadzakumana ndi vutoli, kawirikawiri ali ndi zaka zapakati pa 3 ndi 7. Nkhaniyi ndi yaikulu kotero kuti mu 2024 ku Germany kunabuka mkangano pamene boma linalemba lamulo lofuna kuletsa kubereketsa ziweto zokhala ndi zilema zozizunza, ndipo a Deutscher Teckelklub anaopa kuti mtundu wawo uletsedwa, ngakhale kuti boma linati cholinga chake sichinali chimenecho. Ine ndimawakonda agaluwa, komabe ndikuona kuti olemba lamulowo anali ndi mfundo, chifukwa oweta ena akhala akutalikitsa thupi ndi kufupikitsa miyendo mopitirira zimene ulenje unkafuna, pongofuna kusangalatsa maso a ogula.

Mwera anadwala matendawa m'nyengo yozizira. M'mawa wina sanathamangire mbale yake monga mwa masiku onse, anaima pansi pa sitepe ya khonde akuiyang'ana osakwera, msana utapindika, mutu uli pansi ndipo thupi likunjenjemera. Nditamukhudza pakati pa msana analira mokweza. Ankayendabe, koma miyendo yakumbuyo inkapingasana ndipo zikhadabo za phazi limodzi zinkakhwekhwereza pansi. Tinamugoneka m'katoni yolimba yoyalamo bulangete kuti asagwedezeke, n'kukwera naye msewu wokhotakhota wa ku Thabwa kupita ku Blantyre, mkazi wanga atagwira katoniyo pamiyendo ulendo wonse. Dokotala anamutsina chala cha phazi lakumbuyo kuti aone ngati akumva kupweteka, ndipo Mwera atacheuka n'kulira, dokotalayo anati chiyembekezo chilipo, chifukwa galu amene wasiya kumva kupweteka m'mapazi amafunika opaleshoni yofulumira, imene ndi yovuta kuipeza ndiponso yodula. Anatipatsa mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa, natilamula kuti galuyo akhale m'kakhola kakang'ono kwa milungu yosachepera inayi, azingotulutsidwa atanyamulidwa kukadzithandiza.

Milungu imeneyo inali yovuta kwa banja lonse, chifukwa ululu utangochepa Mwera anayamba kulira kuti atuluke, ndipo ana ankandichonderera kuti, "Ababa, mutulutseni, wachira." Koma nthawi imeneyo ndiyo yoopsa kwambiri, popeza mankhwala amabisa ululu pamene bala la m'kati lisanapole. Tinapirira, ndipo lero amayenda ndi kukumba, ngakhale kuti akatopa phazi lija limakokabe pang'ono. Kuyambira pamenepo masitepe a pakhonde tinawaikira thabwa lopendama lokhomerapo chiguduli kuti lisaterere, palibe galu amene amaloledwa kudumpha kuchokera pampando, ndipo mwana aliyense wobwera pakhomo amaphunzitsidwa kunyamula galu ndi manja awiri, lina pansi pa chifuwa ndi lina pansi pa chiuno, kuti msana usalendewere. Chingwe timamangirira pa lamba wa pachifuwa m'malo mwa khosi. Ndipo ndikupempha aliyense amene galu wake akumva ululu kuti asamupatse bulufeni kapena panado wa m'nyumba, chifukwa mankhwala a anthu amenewa amatha kuwononga m'mimba, impso ndi chiwindi cha galu.

Kunenepa kumawonjezera katundu pa msana womwewo, ndipo apa chikondi chathu cha Chimalawi chimatha kuvulaza. Kwathu timasonyeza chikondi kwa mlendo ngakhalenso kwa chiweto powapatsa chakudya, ndipo dachshund amadziwa kupempha ndi maso. Mkute wa nsima umene galu wakumudzi amauwotcha poyenda mitunda tsiku lonse, mwa kagalu aka umasanduka mafuta. Anga amadya phala la mgaiwa pang'ono losakaniza ndi bonya kapena makakana ophika ochotsa minga, dzungu kapena masamba, ndi dzira nthawi zina, kawiri pa tsiku ndiponso pa mlingo. Muyeso wake ndi wosavuta: ukasisita m'mbali mwa chifuwa uyenera kumva nthiti popanda kukanikiza, ndipo ukamuyang'ana kuchokera pamwamba chiuno chiyenera kuoneka.

Kusamala agalu awiriwa motere kwandichititsa kuyang'ana galu wathu wakumudzi ndi maso ena. Pilira wa amalume sanaonepo dokotala wa msana, ndipo sindikuganiza kuti adzamufuna. Miyendo yake yaitali imakweza mimba kutali ndi mchenga wotentha, ubweya wake ndi waufupi, thupi lake silisunga mafuta, ndipo dzuwa likakula amadzikumbira kadzenje pansi pa nkhokwe n'kugona pa dothi lozizira popanda womuphunzitsa. Amasaka ndi maso ndi mphuno zomwe, amalondera usiku, ndipo amadziwa malire a mudzi wake. Palibe bungwe limene linamulembera ndondomeko ya maonekedwe, koma chigwa chenichenichi ndicho chinamusankha kwa zaka mazanamazana, ndi dzuwa lake, nkhupakupa zake ndi njala zake. Ku South Africa anthu ena anazindikira zimenezi, ndipo mu 1998 anakhazikitsa bungwe la AfriCanis Society lofuna kuteteza agalu akumudzi a kum'mwera kwa Africa ngati mtundu woyenera ulemu. Zimandipweteka kuona kuti ife timatcha galu wotereyu "galu wamba", timamugenda akayandikira pamene tikudya, pamene galu wochokera kunja timamugulira mbale ndi bulangete. Munthu wa kuno amene akufuna mlonda ndi mnzake woyenda naye kumunda sangapeze galu woposa ameneyu.

Ulenje womwe unalimbitsa agalu athu unasintha, ndipo ndi bwino kuti tivomereze. Nyama zikuluzikulu zimene amalume ankasaka zinatsalira ku Lengwe, kumene kuli nyala, ku Mwabvi ndi ku Majete, ndipo kulowa ndi agalu m'malo amenewa ndi mlandu waukulu, makamaka kuyambira mu 2017 pamene zilango za m'lamulo loteteza nyama zakutchire zinakhwimitsidwa. Ku Majete, kumene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira mu 2003, anabwezeretsako mikango mu 2012 ndi mimbulu mu 2021. Mimbulu imafa mosavuta ndi matenda ochokera kwa agalu a pakhomo, makamaka chiwewe, choncho katemera wa galu wa m'mudzi woyandikana ndi nkhalangoyi amateteza ndi nyama za m'katimo zomwe.

Chiwewe sichisankha mtundu wa galu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo a ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga polumidwa ndi galu. Ana ambiri amalumidwa, chifukwa ndiwo amasewera ndi agalu ndipo nthawi zina amabisa bala poopa kukalipiridwa. Munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro sachira, koma akatsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala kukabayitsa katemera, amapulumuka. Akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akabayidwa katemera, matendawa amasiya kufala, ndipo mu 2015 bungwe la Mission Rabies linaonetsa kuti zimenezi n'zotheka m'Malawi pamene linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre. Tsabola ndi Mwera amabayidwa chaka ndi chaka, ndipo alangizi a ziweto akalengeza tsiku la katemera ndimauza anyamata a m'mudzi kuti abweretse agalu awo onse, ngakhale aja amene amangoyendayenda pamsika, chifukwa agalu anga awiri okha obayidwa sangateteze mwana aliyense.

Masiku ano anthu amene poyamba ankaseka miyendo ya agaluwa ndi omwe amabwera kudzandipempha ana ake, ena mpaka kuchokera ku Bangula, ndipo ena amandiuza kuti ku Blantyre ndikhoza kuwagulitsa pa mtengo wabwino. Ndimawauza kuti sipadzakhala ana, popeza Mwera ndinamufulitsa atachira kuti asapatsire ana ake msana wofooka, ndipo Tsabola naye anatsekedwa. Amene akufunitsitsabe galu wa mtunduwu ndimamufunsa ngati pakhomo pake pali chipinda chozizira chomugonekamo masana a mu Okutobala, ngati pali munthu woti azidzuka mbandakucha kukamuyendetsa, ngati mpanda wake ungaletse galu wokumba, ndiponso ngati angathe kupeza galimoto ndi ndalama zokwerera ku Blantyre tsiku limene miyendo yakumbuyo idzakane kuyenda. Ndimamulangizanso kuti asagule mwana wa galu asanaone amake ndi abambo ake akuyenda, ndipo asankhe wa miyendo yotalikirapo ndi thupi losatalika mopitirira, ngakhale wogulitsa atamuuza kuti wamfupi kwambiriyo ndiye weniweni. Ambiri akamva mafunsowa amasintha maganizo, ndipo amenewo ndimawatumiza kwa amalume ku Ngabu, kumene galu wamkazi wa mbumba ya Pilira amabereka chaka chilichonse ndipo ana ake amaperekedwa kwa munthu amene walonjeza kuti adzawadyetsa ndi kuwabayitsa katemera.